Mtima ukati "tenga", ndimvere kapena ndiyambe ndawerengera?

Funso: Ndakhala pa geni zaka 6. Katundu wabwino ndimamudziwa pongomuona, koma ngongole ziwiri zomwe ndinatenga mtima utandiuza zinandigwetsa. Kodi ndisiye kumvera mtima?

Yankho: Musasiye, koma dziwani pomwe mtimawo umaona ndi pomwe umangopapasa. Daniel Kahneman, katswiri wa kaganizidwe ka anthu yemwe analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2002, anafotokoza kuti timaganiza m'njira ziwiri. Ina ndi yachangu, imayankha musanafunse n'komwe. Ina ndi yodekha, imawerengera, koma imatopetsa, motero ubongo umaizemba ukapeza mpata.

Mu 2009 iye ndi Gary Klein, yemwe anafufuza momwe atsogoleri a ozimitsa moto amasankhira chochita, anagwirizana kuti njira yachanguyi imadalirika ngati chinthucho chimachitika mobwerezabwereza ndipo zotsatira zake zimaoneka msanga. Katundu mwamugula kambirimbiri, ndipo mukalakwitsa amakutsalirani sabata yomweyo. Ngongole mwatenga kawiri kokha, ululu wake n'kubwera patapita miyezi. Mtimawo ukanaphunzira liti?

Manambala ndiye amaupusitsa kwambiri. Chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi chimamveka chochepa, koma chikamaunjikana pa ngongole yosabwezedwa kwa miyezi 12, ngongole ya 100 imafika pafupifupi 314. N'chimodzimodzi potsitsa mtengo. Mwaoda pa 100, mukugulitsa pa 125, phindu ndi 25. Kasitomala akapempha kuti mumuchotsere 10 peresenti, mwataya 12.5, theka la phindu lonse, ndipo muyenera kugulitsa katundu wochuluka kawiri kuti mupeze zomwe munkapeza kale.

Ndiye dziikireni lamulo lero, mutu uli wozizira. Chilichonse choposa phindu lanu la mwezi umodzi, kapena chomwe simungathe kuchibweza mukasaina, chizigona usiku umodzi. Lembani papepala ndalama zonse zomwe mudzabweze, osati za pamwezi zokha, muziyerekeze ndi phindu la mwezi womwe malonda anayenda moipa kwambiri. Kenako chitani zomwe Klein amalangiza: yerekezani kuti papita chaka ndipo zalephereka, mulembe zifukwa zake. Chifukwa chomwe chabwera msanga m'mutu, kachifufuzeni musanasaine.

Wokongozayo akakuuzani kuti mwayiwu utha lero, funsani mtengo wake wa mawa. Nthawi zambiri sasintha, amangofuna kuti musapeze nthawi yogwira cholembera.