Kwa achemwali a ku Ohio ofunsa za Medicaid

Achemwali, mwafunsa ngati mungalandire Medicaid, inshuwalansi ya zachipatala ya boma la America yothandiza opeza ndalama zochepa, pomwe mumapeza pafupifupi $1,900 pamwezi pantchito yosamalira okalamba, ndipo muli ndi ana awiri. Kumbali ya ndalama musade nkhawa, muli pansi pa malire ndithu.

Ohio inakulitsa Medicaid mu 2014, choncho munthu wamkulu amaloledwa ngati ndalama za pakhomo sizikupitirira 138 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma la America limakhazikitsa chaka ndi chaka. Mu 2025 malire a munthu wokhala yekha anali pafupifupi $1,800 pamwezi, koma a banja la anthu atatu ngati lanu anali cha m'ma $3,060. Mukanakhala ku Texas kapena ku Florida ndikanayankha mosiyana, poti kumeneko sanakulitse.

Amawerenga malipiro onse msonkho usanadulidwe, kuphatikizapo ovataimu. Zimene mumatumiza kumudzi, kaya za fizi ya adzukulu kaya za feteleza wa amayi, sazichotsera ayi. Zimawawa, koma lembani zoona zokhazokha. Sungani timapepala ta malipiro ta mwezi wathunthu mu envulopu imodzi, adzatifuna.

Chimene chimapunthwitsa ambiri mwa ife ndi mapepala okhalira m'dzikomo. Amene ali ndi green card, chiphaso chokhalira ku America mokhazikika, kawirikawiri amadikira zaka 5 asanaloledwe. Koma ngati anawo anabadwira konko, iwo ndi nzika, alembetseni msanga ngakhale inu mukudikira. Medicaid amalembetsa mwezi uliwonse, simufunika kudikira kumapeto kwa chaka.