Achemwali a lesitilanti, musanakongole ya fuliji tayambani mwasuzumira kudzala

Imelo iyi ndakhala nayo masiku ndithu osayankha, osati ulesi ayi koma inandifika pamtima. Achemwali ena a pa Kamuzu Road kuno ku Salima ali ndi kalesitilanti, akuti makasitomala amabwera bwinobwino koma mwezi ukatha ndalama siioneka, madzulo aliwonse akutaya nsima ndi ndiwo, makala nawo akwera. Ndiye akufunsa kuti kodi akongole ndalama agule fuliji ya sola?

Achemwali, ineyo ndakulira pa geni ya nsomba ku Nkhotakota. Mayi anga ankalawira kudoko mabwato asanakocheze, kugula usipa, kuyanika pa thandala, ukauma kulongedza m'matumba kupita nawo ku Lilongwe. Chilimwe zinkayenda. Koma dzinja likafika ndiye panali misozi, mvula ikangogwa osakata usipa uja umayamba kununkha, ntchentche mbwee, mphutsi, mpaka munthu kugulitsa pa mtengo wongotaya kapena kukwirira kumene. Ndinkaona azimayi akuluakulu akulira pagombe chifukwa mpamba wonse wathera pa thandala, ndipo ndalamayo ena anali atachita kutenga katapila. Mayi anga sanapite kusukulu patali koma asanatulutse ndalama pansalu ankayang'ana kaye kumwamba. Kukachita mitambo ankagula wochepa, woti atha kuufutsa kapena kuwamba tsiku lomwelo, olo usipa utatchipa bwanji, olo anzawo akukanganirana. Ndipo zinyenyeswa zogwera pansi pa thandala, timitu, timichira, ankatituma ife ana kuti tisese, tisefe mchenga, tiike m'thumba lapadera, likadzadza amagulitsa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba. Anthu ankawanena kuti ndi oumira, eti mpaka kutola za pansi. Koma yunifolomu yanga ndi makope zinkachokera m'thumba limenelo, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akunyoza mayi amene akutola zotsala mtima umandiwawa.

Ndiye ndikamawerenga zoti mukutaya nsima tsiku ndi tsiku, ine ndikuona ufa umene munagula, makala amene munaphikira, madzi amene munalipira, ndi mtsikana amene anatuluka thukuta pomata nsimayo. Zonsezo munalipira kale. Vuto lanu sikusowa fuliji, vuto ndi loti mukuphikira anthu amene sanabwere, ndipo ngongole siingakonze zimenezo.

Apa ndinene mosabisa, nkhani yosamala zinthu ndi chilengedwe yalandidwa ndi anthu a misonkhano. Amabwera kunyanja kuno, kukhala m'mahotela, kuyankhula Chingerezi tsiku lonse za mabizinesi ang'onoang'ono, kusaina ma alawansi, kubwerera, koma mayi wa chiwaya kapena wa zitumbuwa palibe anamuitana. Mapeto ake ife timaganiza kuti kusamala ndiye kugula makina odula. Si zoona. Ku chilumba cha Mbenji kwa Makanjira konkuno, mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira kalekale kuti nsomba ziswane, panalibe pulojekiti inawaphunzitsa. Ndipo taonani akuluakulu a ndalama momwe amachitira. Ku Dwangwa, Illovo ikafinya nzimbe zotsalira zija sataya, amasonkhezera moto wa fakitale, ndipo molasesi, madzi okhuthala otsala popanga shuga, amapita ku kampani ya Ethco kukapanga ethanol wosakaniza ndi petulo. Kampani yaikulu ngati imeneyo ikukana kutaya makoko a nzimbe, nanga ine ndi inu wa mapoto anayi ndi ndani kuti tizikhuthulira ndiwo kudzala? Pa zigayo za mpunga ndimadandaula ndikaona milu ya mankhusu ikungofuka utsi, pamene oweta nkhuku amawafuna kuyala m'khola ndipo ena amaumba nawo timakala tophikira.

Za majumbo nazo ndisaiwale, poti ndikudziwa kuti aliyense wogula chips mumamukulungira mu jumbo, mwinanso awiri. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) m'chaka cha 2015, khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma tayendani pamsika mvula itagwa muone ngalande zatsekeka ndi chiyani. Mbuzi zikudya majumbo, ena akuthera m'nyanja yomwe tikudyerayi. Olo mutati zachilengedwe sizikukukhudzani, tawerengerani paketi zingati za majumbo mumagula pa mwezi. Makasitomala anu a tsiku ndi tsiku, a kabaza, a m'mashopu oyandikana nanu, atha kumabwera ndi kontena yawo mukawaonjezera kasupu kapena kachidutswa, anthu amazolowera msanga pakakhala ka bonasi.

Makala

Apa ndi pamene ndalama zambiri za malesitilanti zimapsera. Nyemba zoviika m'madzi usiku zimapsa msanga kuposa zongochotsa m'thumba n'kuponya pamoto, koma ambiri amachita ulesi. Poto wosavindikira amadya moto. Mbaula yachitsulo yobooka mbali zonse, yoyatsa pamphepo, ndi mdani. Pezani mbaula ya dongo mkati, ndipo ngati muli ndi tinkhuni, Chitetezo mbaula ija imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Mukatha kuphika makala otsala zimitsani ndi dothi kapena muwatsekere m'chitini, mawa ayakanso. Ndipo kumbukirani kuti thumba lililonse la makala ndi mtengo wagwa kumapiri uko, mvula ikabwera madzi ake amatsikira kwa ife a kunyanja konkuno, ndife timakokoloka.

China chimene sindingasiye, mafuta ophikira. Kusamala sikutanthauza kukazinga mafuta omwewo mpaka ade bii ngati oyilo wa galimoto. Imeneyo ndi nkhanza kwa anthu amene akukudyetsani. Sefani madzulo, sungani povindikira, akayamba kuda ndi kuchita thovu asiyeni. Ndikudziwa mafuta akudula, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chinakwera, koma kasitomala akatsegula m'mimba sabweranso ndipo amauza anzake onse pa siteji.

Kugwa kwa kwachako ndi chifukwa chinanso chomwe ndikukayikira za ngongoleyo. Fuliji, mapanelo, batire, zonse ndi zochokera kunja, mtengo wake umatsata dola, ndipo batire simakhala muyaya, tsiku lina mudzafunika ina musanapume ku ngongole yoyamba. Ndaona anthu akulanditsa katundu ku banki mkhonde chifukwa cha chinthu chimene anagula kuti chiwathandize.

Ndiye chitani izi. Gulani kope, kwa masabata awiri muzilemba mbale zimene mwagulitsa tsiku lililonse ndi zimene mwataya, nsima payokha, mpunga paokha, ndiwo pazokha. Muona kuti Lolemba silifanana ndi tsiku la msika kapena kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Nsima muziphika pang'onopang'ono, poto akatsala pang'ono kutha ndiye kutereka wina, kasitomala amakondanso yamoto. Zotsala m'mbale pamodzi ndi makoko a mbatatesi gwirizanani ndi woweta nkhumba azidzatenga, azikupatsani kandalama kapena manyowa. Kope likaonetsa kuti chomwe chikuwonongeka kwambiri ndi nyama ndi nsomba zaziwisi, pamenepo fuliji ili ndi nzeru, komabe yambani ndi kulipira malo mu fuliji ya neba wa butchala kapena kugula ayezi, muone ngati ndalama yopulumukayo ingakwanitse kubweza ngongole pa mwezi. Likaonetsa kuti ndi nsima ndi nyemba, fuliji isiyeni kaye.

Masabata awiriwo akatha munditumizire manambalawo pa imelo yomweyi tiwerengere limodzi, ndipo mundiuzenso thumba la makala mukugula zingati ndi masiku amene likumatha.