Imeneyo si zinziri, achimwene

Achimwene, mwati Lamlungu munaona kambalame kakuyenda pansi m'udzu ku Klipriviersberg, kumwera kwa Johannesburg, kotuwa kumsana, pakhosi pa mtundu wa olenji pozunguliridwa ndi mzere wakuda, ndiye mukufunsa ngati ndi zinziri za kuno ku Joni. Iyayi. Zinziri ndi yojintcha, mchira wake wosaoneka n'komwe, ndipo siima poyera kuti munthu aiyang'anitsitse. Imangovumbuluka pamapazi panu, phururu, basi yapita.

Yanuyo ndi Cape longclaw. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 20, pamimba ndi pachikasu, ndipo ikauluka nsonga za mchira zimaoneka zoyera. Mukapitanso tcherani khutu, chifukwa imalira ngati mphaka, moti osaidziwa amayamba kusuzumira m'tchire. Ikakwera pachulu kapena pamwala, yang'anani chala chakumbuyo. Chikhadabo chake n'chachitali zedi, chimaithandiza kuponda pamwamba pa udzu. Kawirikawiri zimayenda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, zikutola ziwala, chiswe ndi tizilombo tina. Ku Malawi kuli m'bale wake wa khosi lachikasu, mwina munkamuona m'madambo muli mwana, koma wa olenjiyu kwawo n'kuno kummwera.

Ine ndinganene kuti mulawire m'mamawa ku Marievale Bird Sanctuary kufupi ndi Nigel, kapena ku Rietvlei chakufupi ndi Pretoria. Kumeneko mumaiona muli m'galimoto momwemo, ili m'mbali mwa msewu. Nyengo yozizira, June mpaka August, ndiye yabwino kwambiri, poti pa lupsa ilibe pobisala. Ikani pafoni Merlin, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, ndi yaulere, muyerekeze chithunzi chanu ndi zili m'menemo.

Koma mvula ikayamba, chonde musamaduke m'udzu, tsatani kanjira. Chisa imamanga pansi penipeni, kachikho ka udzu kobisika patsinde pa chiputu, mazira awiri kapena atatu, moti mutha kuchiponda osadziwa. Mukaona ikukuzungulirani n'kumalira mosalekeza, ndiye kuti chisa chili pafupi, bwererani m'mbuyo. Za legeni ndi misampha, zija tinkachita kumudzi, m'malo otetezedwawa ndi mlandu, ndipo galu wanu uja atsale kunyumba.