Achimwene a ku Ulongwe afunsa: sikirini ya iPad Pro ndi momwe akuitamiramo, kapena ndi malonda chabe?

Yabwera imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ulongwe, dzina akuti ndisatchule ndiye sinditchula. Ndaidula pang'ono chifukwa inali yaitali, koma mutu wake ndi uwu:

"Ine ndimajambula maukwati, ubatizo ndi makwaya kuno ku Angonia, nthawi zina amandiitana mpaka ku Moatize ndi ku Tete. Laputopu yanga yatopa, ikumazima yokha. Mng'ono wanga ali ku Johannesburg akuti ndimutumizire ndalama andigulire iPad Pro yayikulu ija, akuti sikirini yake ndikangoiona laputopu ndiiwala. Kodi ndi zoona? Padzuwa imaoneka? Ingagwire ntchito yonse ya laputopu? Ndalama yake ndi ya mbatatesi ya chaka chonse ndiye ndikuopa."

Achimwene, pa nkhani ya sikirini mng'ono wanu sakunama ayi. Ine ndinayigwirapo ya mnzanga wina amene amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndipo ndikuuzeni, chinthu chija ndi chokongola mokwiyitsa. Koma funso lanu lili ndi mafunso atatu mkati mwake ndipo yankho la "eee" likugwira pa limodzi lokha.

Tiyambe ndi galasilo. iPad Pro imene inatuluka mu May 2024, ya chipu (ubongo wa makinawo) cha M4, ndi yoyamba ya Apple kukhala ndi sikirini ya OLED pa tabuleti. Kusiyana kwake ndi sikirini ya laputopu yanu yotopayo ndi kwakuti ya laputopu ili ndi nyali kumbuyo yomwe imayaka nthawi zonse, ndiye malo oyenera kukhala akuda amaoneka otuwa ngati phulusa, pomwe pa OLED kadontho kalikonse kamayaka pakokha ndipo pofunika mdima kamangozimiratu. Apple anasanjikiza magawo awiri a OLED kuti kuwala kuchuluke, amati imafika 1000 nits (muyeso wa kuwala kwa sikirini) sikirini yonse ndi 1600 pa malo owala kwambiri mu kanema wa HDR, kanema woonetsa bwino powala kwambiri ndi pamdima nthawi imodzi. Malaputopu wamba ambiri amasewera cha m'ma 250 kapena 300. Kwa inu ojambula zimenezi si manambala chabe. Tengani chithunzi cha mkwati ndi mkwatibwi atayima pakhomo la tchalitchi, wina suti yakuda wina diresi loyera mbee. Pa sikirini wamba suti ija imangokhala chimdima chimodzi ndipo diresi limapsa, maluwa osokedwa aja osaoneka. Pa iyi mumaona mzere wa kolala ya suti, mabatani, ulusi wa velo, ngakhale thukuta pamphumi pa mkwati kkkk. Komanso imatsitsimula chithunzi ka 120 pa sekondi ndiye mukamakoka ndi chala zimangoyenda myaa, osadukiza.

Ndiye apa mpamene pali msampha womwe otsatsa malonda sangakuuzeni. Sikirini imeneyi ndi yabwino kuposa ya kasitomala wanu aliyense. Inu mukonza chithunzi usiku m'nyumba, pa galasi lowala chonchija, muona nkhope zonse zikuoneka bwinobwino ndiye munena kuti pronto, zatheka. Mutumiza pa WhatsApp, WhatsApp ichifinya, apongozi a mkwati ku Domue atsegula pa Itel yawo ya galasi losweka ali panja masana, ndiye aona mano ndi maso basi. Akuimbirani kuti mwatijambula bwanji ngati tili m'phanga. Vuto silikhala kamera yanu, ndi loti munakhulupirira sikirini imene imaonetsa zinthu zomwe foni yawo singathe. Aliyense wogula tabuleti ya mtundu umenewu pa ntchito ya zithunzi ndimamuuza kuti pokonza atsitse kuwala kufika pakati, azimitse True Tone chifukwa imasintha mtundu wa sikirini kutengera nyali ya m'chipinda, ndipo asanatumize kwa eni ake ayambe wadzitumizira yekha pa foni yotchipa aone. Ndipo zithunzi zenizeni muzitumiza ngati document kuti zisafinyidwe, zija zongodina pa gallery ndi za status.

Za padzuwa, imaoneka inde, kuposa laputopu iliyonse yomwe munagwirapo. Koma galasi lake ndi lonyezimira, pansi pa mtengo wa mango lili bhoo, mukangotuluka pamtetete muyamba kudziona nokha nkhope ndi zidindo za zala zanu. Lilipo galasi lina losanyezimira lomwe amati nano-texture koma amaika pa za 1TB ndi 2TB zokha, kuwonjezeranso madola 100, ndiye kumeneko tisapiteko. Chachikulu ndi kutentha. Apple yemweyo amalemba kuti iPad izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Kwanu ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo uko palibe nkhani, kumtunda kumazizira, June ndi July mumachita kuvala majekete awiri. Koma mwati amakuitanani ku Tete, ndipo mukudziwa nokha mmene mzinda uja umakhalira mu October ndi November, kupitirira 40 osachita kufunsa, mphepo yochokera ku Zambezi yomwe imakhala yotentha. Tabuleti ikatentha imadziteteza yokha: imatsitsa kuwala, imasiya kutchaja, ikafika povuta imalemba uthenga kuti dikirani ndizizire kaye. Ya mnzanga uja ndinaiona ikuchita zimenezo titakhala panja pa baraka masana, kuwala kuja kunangofwifwa pang'onopang'ono iye akukweza koma osakwera. Ndiye 1000 nits ija nthawi imene mukuifunitsitsa ndi imene imathawa.

Fumbinso. iPad ilibe chitsimikizo chilichonse choti madzi ndi fumbi sizilowa, ndipo ya mainchesi 13 ndi yopyapyala mamilimita 5.1, m'manja imakoma koma m'chikwama pa njinga yamoto msewu wa kumudzi mtima umakhala m'mwamba. Kapa yolimba ndi galasi lomata pamwamba musachite kuganizira kawiri.

Tsopano ndalama, chifukwa mng'ono wanu mwina wakuuzani mtengo wa tabuleti yokha. Itatuluka ku America ya mainchesi 13 inayambira madola 1,299, ya mainchesi 11 madola 999, msonkho usanalowe. Pa mametikali 64 dola imodzi, yayikuluyo ndi cha m'ma 83,000. Cholembera mulibe m'bokosi, Apple Pencil Pro ndi madola 129, ndipo wina asakugulitseni Pencil 2 yakale ija chifukwa pa M4 sigwira. Kiyibodi yake ndi madola 349. Mukaphatikiza zitatuzi mwadutsa kale mametikali 110,000 ndipo ku South Africa mitengo imakhala yokwererapo kuposa ku America. Simunagule kapa, simunagule ka hub kochulukitsa mabowo olumikizira zinthu, simunagule SSD yosungiramo mavidiyo kunja kwa tabuleti.

SSD ndi hub ndazitchula dala. Tabuleti imeneyi ili ndi bowo limodzi lokha la USB-C, la mahedifoni palibe, polowetsa memori khadi palibe, ndipo yotchipitsitsa ndi ya 256GB yomwe simungawonjezere. Makamera ambiri akamajambula vidiyo yakuthwa kwambiri ya 4K pa 100 Mbps amadya pafupifupi 45GB pa ola limodzi. Ukwati wa kwathu kuno mumaudziwa, kuyambira kokongoletsa mkwatibwi m'mawa, ku tchalitchi, zithunzi, kenako perekaniperekani yemwe satha mpaka dzuwa kulowa ndipo aliyense woponya ndalama akufuna adzadzione mu vidiyo, mukamudula ndi mlandu. Maukwati awiri tabuleti yadzadza. Ndiye muzikhala ndi ka hub kolendewera, khadi ya kamera uku, SSD uku, tchaja uku, flash ya kasitomala ikudikira mpata. Zimatheka, anthu akuchita, koma kupepuka kuja komwe munagulira kwatha.

Mphamvu yokha ilipo yambiri, M4 imatafuna 4K osatsamwa, laputopu yanu yakale singayandikire. Pa mapulogalamu okonzera vidiyo ndi zithunzi, DaVinci Resolve ilipo pa iPad ndipo ili ndi mtundu waulere, LumaFusion ilipo yogula kamodzi, Final Cut Pro ndi yolipira mwezi ndi mwezi, CapCut ndi Lightroom ziliponso. Koma mapulogalamu a Windows omwe manja anu anazolowera salowa, ndipo aja okuikirani mnyamata wa pamsika ndi flash aja iwalani, pa iPad chilichonse chimadutsa ku App Store ndipo zolipira zimafuna khadi ya ku banki. Muwerengere masabata angapo ophunzira mwatsopano pomwe makasitomala akukuimbirani kuti vidiyo yathu ili pati. Batire amati maola 10, koma amenewo ndi owerenga pa intaneti kapena kuonera kanema, mukamaedita kuwala kuli pamwamba muchotsepo ambiri. Ngakhale zili choncho magetsi akathima, inde amathima ngakhale Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechino, tabuleti imakupirirani nthawi yaitali kuposa laputopu yakale ndipo power bank yabwino imaidzutsa. Apa ndiyipatse ulemu wake.

China chomwe chapweteka anthu: iPad Pro ya M4 yokhala ndi netiweki ilibe polowetsa SIM khadi, ndi ya eSIM basi, SIM ya m'kati mwa makina yomwe kampani ya netiweki imakuikirani popanda ka khadi. Ka khadi kanu ka Movitel kapena Vodacom mulibe poti mukalowetse. Ngati mukufunadi ya netiweki pitani kaye ku loja ya kampani yanu mukafunse ngati angakuikireni eSIM pa iPad, ndalama isanapite ku Johannesburg. Ine ndikanati mugule ya Wi-Fi yokha, musunge madola 200 omwe amawonjezera, muzitsegula hotspot pa foni. Ndipo musaganize kuti ilowa m'malo mwa foni, siimba ngati foni wamba. WhatsApp ya iPad yeniyeni inabwera mu 2025 koma imalumikizidwa ku nambala ya pa foni yanu.

Mamega nawonso muwaganizire ngati mumalota zoonera makanema usiku. Kukongola konse kwa HDR kumaoneka mukaipatsa kanema wa HDR, ndipo Netflix yokha imanena kuti 4K imatha kudya mpaka 7GB pa ola. Mukaika YouTube pa 360p kuti saudo (ndalama ya mufoni) ifike kumapeto kwa sabata, sikirini yayikulu yakuthwa chonchija imangokuonetsani bwino kuipa kwa kanemayo. Kuli ngati kugula mbale ya galasi yodula n'kumadyeramo nsima ya gaga yopanda ndiwo.

Mwina mufunsa za Samsung. Galaxy Tab S10 Ultra ya 2024 ili ndi sikirini ya AMOLED (mtundu wa OLED) ya mainchesi 14.6, nayonso imatsitsimula chithunzi ka 120 pa sekondi, galasi lochepetsa kunyezimira, S Pen imabwera m'bokosi momwemo, polowetsa microSD palipo, ndipo ili ndi IP68 kutanthauza kuti fumbi ndi mvula yodzidzimutsa siziopsa kwenikweni. Pa moyo wa kuno mfundo zimenezo ndi zolemera, komanso Android mwaizolowera kale. Koma ndi chimtolo, imapitirira magalamu 700, ndipo pa mapulogalamu okonzera vidiyo iPad ili patsogolo. Mukatenga Samsung musinthe mtundu wa sikirini kuchoka pa Vivid kupita pa Natural, apo ayi chitenje chilichonse chizioneka chowala kuposa mmene chilili.

Nanga ikasweka? Apple ilibe sitolo yakeyake ku Mozambique, ngakhale mu Africa monse, aku South Africa aja ndi ogulitsa ovomerezeka. Garantiya ndi ya chaka chimodzi ndipo galasi losweka chifukwa chogwetsa sililowamo. Anyamata okonza mafoni pa msika wa Ulongwe, kapena mukaoloka pa Calomue kupita ku Dedza ndi Lilongwe, ndi akatswiri ndithu pa Tecno ndi Samsung wamba, koma galasi la OLED la magawo awiri la mainchesi 13 silikhala m'kabati mwawo, lichita kuitanitsidwa kunja ndipo mtengo wake mugulira laputopu ina. Nthawi yonse yodikirayo ntchito yaima.

Ndiye maganizo anga ndi awa achimwene. Ngati ndalama ya mbatatesiyo ndi yokhayo ndipo makina ogwirira ntchito akhala amodzi, musagule iPad Pro. Gulani laputopu yamphamvu ya sikirini yabwino ndi ma SSD awiri, imodzi yogwirira ntchito ina yosungira, chifukwa kutaya vidiyo ya ukwati wa munthu ndi nkhani yokafika kwa amfumu. Ngati mtima wakakamira pa tabuleti, onani iPad Air, inayambira madola 599 ya mainchesi 11, sikirini yake ndi LCD, ija ya nyali kumbuyo, yotsitsimula chithunzi ka 60 pa sekondi, mdima wake si wa OLED koma mitundu ndi yolondola ndipo mapulogalamu ndi omwewo. Pro ndingakuuzeni kuti tengani pokhapokha laputopu ilipo kale ndipo mukufuna chida chokonzera zithunzi ndi cholembera komanso choonetsa makasitomala, chifukwa kunena zoona banja likaona ntchito yanu pa galasi limenelija kukambirana mtengo kumafewa.

Mng'ono wanuyo akakagula, kaya ndi iti, agule yomata m'bokosi ku sitolo yodziwika ndipo fatura abwere nayo, idzafunika pa boda komanso pa garantiya. Akapeza "yotchipa ya mnzake" ayambe waonetsetsa kuti mwini wake wachotsa akaunti yake ya Apple pamaso pake, chifukwa iPad yokhomedwa ndi Activation Lock palibe wa pamsika angaitsegule, akakuuzani kuti atha akungofuna ndalama yanu. Mundilemberenso mundiuze kamera yomwe mumagwiritsa ntchito ndi pulogalamu yomwe mumaeditira pano, ndikuuzani laputopu ya mphamvu zotani yomwe ingakukwanireni pa ndalama imeneyo.