Chombo chikabooka mumlengalenga, amachimata bwanji?

Bambo wina amene amamata matayala pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, wanditumizira imelo. Akufunsa kuti chombo chikawonongeka chili kumwambako, kopanda galaja, amachikonza bwanji?

Bambo, kumata sikuvuta kwenikweni. Chovuta n'kupeza pamene pabooka. Inu mumaviika chubu m'beseni la madzi n'kuona potuluka thovu. Anzathu okhala pa siteshoni ya mumlengalenga yotchedwa International Space Station, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, beseni alibe. Mu 2020, mpweya ukuthawa m'chigawo cha Russia chotchedwa Zvezda, iwo anamwaza masamba a tiyi. Poti kumeneko chinthu sichigwa, masambawo anayandama mpaka kukasonkhana pamene panali mng'alu.

Mu Ogasiti 2018 anapeza kabowo ka mamilimita 2 pa chombo cha Russia cha Soyuz, chimene chinali cholumikizidwa ku siteshoniyo. Anayamba atseka ndi tepi, kenako n'kutsindira kansalu konyika m'guluu wa epoxy. Basi, mpweya unasiya kuthawa.

Koma chomwe amaopa kwambiri ndi bala lakunja, losaoneka uli mkati. Pa 16 Januwale 2003, chombo cha Columbia chikunyamuka, chidutswa cha foam, chinthu chopepuka ngati siponji chimene anakutira thanki ya mafuta, chinathothoka n'kumenya phiko lakumanzere. Mainjiniya ena anapempha kuti phikolo lijambulidwe chombo chili m'mwamba momwemo, akuluakulu a NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga, sanavomere. Kwa ine cholakwa chachikulu chinali chimenechi. Pa 1 Febuluwale chombo chikubwerera, mpweya wotentha unalowera pabalapo, chinasweka, ndipo anthu onse 7 anafa.

Kuyambira 2005, chombo cha mtundu umenewu chikamayandikira siteshoni chinkayamba chagadabuka kuti a pa siteshoni achijambule kumimba. Anawonjezeranso ndodo ya mamita 15 yokhala ndi makamera. Ulendo woyamba womwewo, pa chombo cha Discovery, zithunzi zinaonetsa tinsalu tiwiri titatuluka pakati pa matailosi oteteza ku moto. Stephen Robinson, mmodzi wa anthu a m'chombocho, anatuluka atavala suti yake, nakatizula ndi zala.

Si zonse zimakonzeka, bambo. Mu Disembala 2022 Soyuz MS-22 inabooka kunja, madzi oziziritsa n'kutayika. Sanaimate. Mu Febuluwale 2023 anatumiza ina yopanda anthu, ndipo anthu atatu amene ankayembekezera kubwera pa chombo chobookacho mu Malichi anatsika mu Seputembala.