"Zimenezo ndi za m'kalasi," anatero abwana ake

Mtsikana wina amene akumaliza maphunziro a bizinesi wandilembera imelo. Kumene ali pa attachment (kuphunzira ntchito pa kampani asanamalize sukulu), abwana amuuza kuti asinthe deti pa invoice. Atawakumbutsa zimene anaphunzira zokhudza chilungamo pa ntchito, amuyankha kuti zimenezo ndi za m'kalasi. Akufunsa ngati n'zoona.

Achemwali, mwanditokosa pachilonda. Ndinagwirapo ntchito pa kampani ina. Chaka china tinakapereka madesiki kusukulu ya pulayimale, atolankhani tinawaitana, ana anaimba, abwana anamwetulira pa kamera. Nthawi yomweyo alonda athu anali atatha miyezi iwiri osalandira. Mmodzi, bambo wa imvi, anandiimitsa pageti kupempha ya minibasi, ine ndili ndi maenvelopu a atolankhani m'chikwama. Ndinawapatsa kangachepe, koma mu ofesi sindinatsegule pakamwa. Mpaka lero zimandiwawa.

Mabwana ambiri akamati CSR, udindo wa kampani wosamalira anthu ndi dera lake, amatanthauza mjigo, matumba a ufa ndi chithunzi m'nyuzipepala. Mumtima amatsatira Milton Friedman, katswiri wa zachuma wa ku America, amene mu 1970 analemba kuti udindo wa kampani ndi kuchulukitsa phindu. Komatu iyeyo anawonjezera kuti zichitike popanda chinyengo, ndipo mbali imeneyo amaidumpha dala. Ine ndikuti kampani yochedwetsa malipiro a mlonda ilibe ufulu wojambulitsa pamjigo.

Digiri nayonso siteteza munthu. Jeffrey Skilling, mkulu wa kampani ya ku America ya Enron, anali ndi digiri yapamwamba ya bizinesi (MBA) ya ku Harvard, koma kampaniyo inagwa mu 2001 chifukwa cha mabuku abodza, iye n'kukaseweza kundende. Mu 2015 Volkswagen inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni anali ndi pulogalamu yonamiza oyeza utsi, ndipo anaipanga ndi anthu ophunzira bwino. Kwathu kuno Cashgate ya 2013 sitinaiiwale: makampani ankalandira ndalama za boma osapereka katundu aliyense. Pa pepala lililonse lija panali dzanja limene linalemba, penanso la kalaliki wamng'ono amene anangouzidwa kuti "saina apa".

Nanga mutani?

Anzanu a m'kalasi ndimawamvetsa. Ntchito ikusowa, ndiye ambiri amati phunziro la chilungamo pa ntchitoli n'longokhozera mayeso, ukalembedwa uziyendera ya abwana. Ine ndinayendera yomweyo, ndipo bambo aja anapitirira kuyenda wapansi.

Detilo musasinthe. Apempheni mwaulemu abwanawo kuti akulembereni lamulolo pa imelo, ambiri amabwerera pomwepo. Kenako kawauzeni aphunzitsi amene akuyang'anira attachment yanu, sabata yomwe ino.