Mwana wa miyezi 7 wodzuka pafupipafupi usiku

Achemwali, mwati mwana wanu wa miyezi 7 akumadzuka kangapo usiku ndipo sagonanso mpaka atayamwa. Pepani kwambiri, kusowa tulo kumafooketsa mayi.

Tulo ta khanda timabwera m'zigawo zifupizifupi, pafupifupi mphindi 50. Chigawo chikatha amatsitsimuka pang'ono, ndipo ngati anagona bere lili m'kamwa, amalifunanso. Apa ndi pamene pagona nkhani. Madzulo muzimusambitsa nthawi yofanana, ayamwe, ageye, kenako mugonekeni chagada akusinza koma asanagoneretu. Akalira usiku dikirani kaye pang'ono, mumusisite pamutu, osayatsa nyale, osamusewereza. Masiku oyamba adzavuta ndithu, musagwe ulesi. Kuyamwa kamodzi kapena kawiri usiku pa msinkhu umenewu si vuto.

Kuno ku Harare June ndi July kumazizira kwambiri m'bandakucha, ana ambiri amadzukira zimenezo. Muvekeni zovala zofunda m'malo momuunjikira mabulangete. Magetsi akazima musalowetse mbaula ya makala kuchipinda, mpweya wake umapha.

Masana azidya phala lake mokwanira. Koma thupi likatentha, akamakoka khutu kapena kukana bere, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.